Mafuta a M'kachubu Anatsala Pang'ono Kundithetsera Banja

Achimwene, tsamiritsani njinga zanuzo pamtengopo mubwere pafupi. Makasitomala sathawa, minibasi ya ku Liwonde yangodutsa kumene. Apampando andipatsa mpata woti ndilankhule, koma nkhani yanga si yokuwa kuti amayi a tomato awo amve. Sunthani ndithu. Iwe wachipewa chofiira, ndakuona wayamba kale kumwetulira. Seka lero, mawa udzandifuna.

Kwa inu amene mwangoyamba kumene pa siteji ino ya Ulongwe, ine ndine Twaibu, bambo ake a Shakira. Kabaza ndapalasa zaka khumi ndi chimodzi. Chaka chatha ndinasowa pano pafupifupi miyezi iwiri. Ena mumati ndapita ku Joni, ena mumati andilodza. Iyayi. Ndinali kunyumba nditatang'adza miyendo, ndikulephera kukhala pachishalo chifukwa cha zimene ndinkadzola kumalo obisika. Ndanenatu poyera. Amene akuchita manyazi ayang'ane pansi, koma makutu asatseke.

Zinayamba mu Okutobala, dzuwa lathu lija loti ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi. Ndinkanyamula matumba a chimanga kuchokera kwa Kalembo, maulendo anayi kapena asanu patsiku. Mkati ndimavala kabudula wa nailoni, uja wampira wa pakaunjika, pamwamba jinzi. Thukuta lonse limatsikira kuti, mukudziwa nokha. Ikakwana nthawi ya swala, pemphero lathu lachisilamu, ndimatawasa ndi madzi bwinobwino monga tinaphunzitsidwira, koma zopukuta ndinalibe nazo ntchito, ndimangokweza thalauza chinyowere n'kudumphira panjinga. M'mphechepeche munayamba kusupuka, kenako kuyabwa. Kuyabwa kwake osati kwamasewera. Ndimanamizira kuti tcheni chagwa, kasitomala atsike, ine ndipite kuseri kwa chitsamba kukakanda.

Ndinayamba ndi kuba mafuta odzola a mayi akunyumba, aja onunkhira maluwa. Ndimati poti khungu lauma ndi kusupuka, mafuta alifewetsa. Anandiwotcha ngati ndathirapo tsabola. Mnzathu wina, ali pompano koma sindimutchula, anandiuza kuti ndipakepo mankhwala otikitira aja ozizira, amene timapaka pachipumi mutu ukamawawa. Achimwene inu! Ndinavina beni ndekhandekha m'bafa, popanda ng'oma. Iwe amene unandiuza zimenezo, ndinakukhululukira, koma usadzauzenso munthu.

Kenako ndinapita pamsika ku Liwonde, kwa mayi wina wogulitsa zodzoladzola. Ndinanama kuti mwana wanga ali ndi zidzolo. Anandipatsa kachubu kokhala ndi chithunzi cha mkazi woyera mbee, amvekere, "Akatu kamachotsa chilichonse, ziphuphu, zipere, kuyabwa, mawa lomweli mudzandithokoza."

Ndisakunamizeni, kanagwira. Masiku awiri okha kuyabwa kunatheratu, kufiira kunazilala, ndinapalasa ndikuimba. Apa ndiye panali msampha. Ndikangosiya tsiku limodzi, kuyabwa kumabwerera kuposa kale. Ndiye ndimapaka m'mawa, masana, madzulo. Kachubu kakatha ndimakagula kena. Pofika mwezi wachitatu khungu la kumeneko linali litayera, lonyezimira, lopyapyala loti timitsempha timaoneka. Ndikangokhala pachishalo limang'ambika n'kumatuluka timadzi. Mizere yofiirira inatsika m'ntchafu. Chidzolo chija chinatambalala mozungulira mpaka kumatako. Mankhwala anga anali amodzi omwewo, kuonjezera mafuta.

Pano munkandiona ndikupalasa chiimirire, mumati Twaibu wayamba masitayilo. Kenako ndinayamba kukana makasitomala, ati njinga yafa. Pamapeto ndinasiyiratu kubwera.

Kunyumba ndiye kunali moto weniweni. Ine ndili pachikamwini, ndinamanga pamudzi pa akazi anga, Abiti Jafali. Zaka zisanu ndi zinayi tili limodzi, sitinabisiranepo kanthu, koma izi ndinabisa. Akandiikira madzi osamba ndimamanga chitseko cha bafa ndi waya. Zovala zamkati ndimachapa ndekha n'kuziyanika m'nyumba kuseri kwa chitseko, komwe sizimauma n'komwe. Pogona ndimagona ndi thalauza, nkhope kukhoma. Miyezi inayi osawakhudza. Akafunsa ndimati ndatopa. Tsiku lina anangondigwira paphewa, ine ndinakankha dzanja lawo n'kunena mawu amene mpaka lero amandiwawa: "Kodi simungakhale osandikakamira? Mukundinyansa." Anangotenga ndowa n'kupita kumjigo.

Choipa kwambiri ndi ichi. Mumtima ndimaganiza kuti ndi matenda opatsirana pogonana. Poti ine sindinayendepo kunja, ndinayamba kukayikira iwowo. Mkazi wosalakwa, wondiphikira ine wosagwira ntchito, ndikumuyang'ana ndi diso loipa. Apo ndiye pansi penipeni pamene ndinafika.

Lachiwiri lina Abiti Jafali ankafuna guluu wa zigamba kuti amate nsapato ya sukulu ya Shakira. Anatsegula kachikwama kanga ka masipanala, n'kupezamo kachubu kaja. Azimayi amawadziwa mafuta amenewa, ndi aja ena amadzola kuti ayere nkhope. Tsono tawerengani monga anawerengera iwo: mwamuna sakukufuna miyezi inayi, akuchapa yekha zamkati, akupitapita ku Liwonde, ndipo m'chikwama mwake muli mafuta oyeretsa khungu a akazi. Inu mukanati chiyani? Sanandifunse kanthu. Anangotumiza mawu kwa ankhoswe.

Loweruka m'mawa anayala mkeka pakhonde pa apongozi. Kumbali yanga kunabwera anjomba anga, alongo awo a mayi anga, Che Amidu, aja amasoka zovala pakhonde la sitolo kumsikaku. Kumbali ya akazi anga kunali achimwene awo, alamu anga Che Rajabu. Anandipatsa kampando, ine ndinakana, ndinakhala pansi chambali, mwendo wina uko wina uko.

Abiti Jafali anamasula nsonga ya chitenje, n'kuika kachubu kaja pakati pa mkeka. Sanalire. Analankhula motsitsa, n'kufotokoza zonse, za thalauza, za waya wa kubafa, ngakhale mawu anga aja oti akundinyansa. Atatha, alamu anatembenukira kwa ine.

"Alamu, mafutawa ndi a ndani?"

Ndinaweramitsa mutu.

"Tikufunsatu mwaulemu. Mumagulira ndani?"

Ndinayang'ana alamu, ndinayang'ana anjomba, ndinaona apongozi akusesa chapatali koma khutu lili kuno. Ndinene bwanji pamaso pa anthu amenewa kuti ndimadzola ndine, ndiponso kumene ndimadzolako? Ndinayeza zinthu ziwiri m'mutu mwanga. Kukhala mwamuna wachibwenzi, anthu amakudzudzula koma pamsika ena amakugwira chanza. Kukhala mwamuna wowola m'mphechepeche chifukwa cha mafuta a akazi, mudzi wonse ukuseka mpaka kufa. Tamverani uchitsiru wake, ndinasankha choyambacho.

"Ndinalakwa," ndinatero. "Satana anandinyenga. Mundikhululukire."

Ndimaganiza kuti andikalipira, ndipepese, nkhani ithe. Koma Abiti Jafali anakweza mutu n'kundiyang'ana m'maso.

"Bambo a Shakira, nditchulireni dzina lake."

Dzina ndilitenga kuti? Munthu wake kulibe.

"Simukufuna kumuyalutsa eti? Iyeyo mukumusungira ulemu, ine munandiuza kuti ndikukunyansani. Chabwino. Achimwene, ine ndatopa. Atenge njinga yawo ndi bulangete lawo azipita kwawo. Shakira ndilera ndekha."

Inu a pachikamwini mukudziwa kuti mawu amenewo akatuluka pamaso pa ankhoswe sakhala ocheza. Nyumba imene ndinaumba ndekha njerwa zake, mwana wanga, mkazi amene ndimamukonda, zonse zimachoka m'manja mwanga m'mawa umenewo chifukwa cha tchimo loti sindinachite.

Nthawi yonseyi anjomba ankangondiyang'ana kuyambira m'chiuno kutsika. Kenako anatsokomola n'kuti, "Che Rajabu, tabwerekeniko munthuyu pang'ono." Anadzuka, ine pambuyo, mpaka kuseri kwa bafa.

"Iwe Twaibu," anatero, "ine ndine telala. Zaka zonsezi ntchito yanga ndi kuyang'ana mmene thalauza lakhalira pathupi pa munthu. Iwe ukuyenda ngati msoko ukukudya. Kampando wakana. Munthu wachibwenzi sakhala choncho, amakhala mwamatama. Tamasula lamba."

"Anjomba, iyayi."

"Ndinakuperekeza kundagala ya jando ndine, pali chachilendo chanji kwa ine? Masula."

Ndinamasula. Anayang'ana kamodzi n'kubwerera m'mbuyo. "Subuhanallah! Mwana iwe! Mafuta aja umapaka apa?"

Ndinagwedeza mutu. Misozi inangoyamba yokha, ine bambo wandevu zanga.

"Ndiye chibwenzi chija?"

"Kulibe, anjomba. Sindinayendepo."

Anandigwira khutu, ndithu kulipotokola ngati ndili mwana. "Chitsiru cha munthu! Wavomera chigololo pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anthu kuti ubise chidzolo? Ukutaya banja kuti alamu ako asadziwe kuti umayabwidwa? Iwowo alibe mphechepeche?" Anapuma pang'ono, mawu n'kutsika. "Tamvera. Ine ndikhoza kupita apo n'kukakunenera, koma mkazi uja sakhulupirira, aziti ankhoswe apangana bodza kuseri kwa bafa. Unamupweteka ndi pakamwa pako, ukakonze ndi pakamwa pako pomwepo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Kuchoka kuseri kwa bafa kufika pakhonde paja ndi mapazi makumi awiri okha, koma ndinatuluka thukuta kuposa pokwera chitunda ndi matumba awiri. Ndinagwada pamkeka. Ndinati, "Amake Shakira, alamu, ndanama. Chibwenzi ndilibe. Mafutawa ndimadzola ndine, kumalo obisika. Ndili ndi zilonda miyezi inayi, ndimaopa kuti muziona."

Ndimadikira kuti alamu aphulike ndi phwete. Sanaseke. Anangoti, "Aaa, alamu," n'kuyang'ana kumbali. Amene anapsa mtima ndi Abiti Jafali, ndipo apa ndiye analira.

"Miyezi inayi! Ine ndikusamba kawiri kawiri kumati kapena ndikununkha. Ndikudzifunsa kuti ndalakwa chiyani. Inu muli phee ndi chilonda, ngati ine ndine mlendo m'nyumbamo? Pobadwa Shakira munaona zanga zonse, ine zanu ndiye zoopsa?"

Anapukuta m'maso n'kunena kuti nkhani yochoka aiimika kaye, koma sanakhululuke. Lolemba tipite kuchipatala limodzi, akamve ndi makutu awo. Adokotala akakanena kuti ndi matenda a kunja, njinga ndi bulangete zili pomwepo.

Lolemba tinapita, ine pakaliyala pa njinga ya mnzanga, nditakhala chambali ngati mayi wovala chitenje. Tinapeza dokotala wachinyamata, wamng'ono kwa ine. Ndimati andiseka kapena andikalipira. Anangovala magolovesi, kuyang'ana, n'kupempha kachubu kaja. Atawerenga timalemba take anapukusa mutu. Anati, "Bambo, si inu oyamba. Vuto lanu poyamba linali laling'ono, chipere cha m'mphechepeche, chimene chimakonda malo otentha ndi onyowa. Mafuta awa muli mankhwala amphamvu amene amagonetsa kuyabwa, koma chiperecho amachisiya chikukula mobisa. Ndiponso khungu la kumeneko ndi lopyapyala ngati la chikope, limamwa mankhwala msanga. N'chifukwa chake lafooka n'kumang'ambika." Anatiyeza magazi tonse awiri, ine anandiyezanso shuga poti akuti nayenso amabweretsa zoterezi. Zonse zinali bwino. Abiti Jafali anafunsa okha, maso ali pa adokotala, ngati ndi matenda otengera kwa akazi. Adokotala anati iyayi. Ndinamva akazi anga akutulutsa mpweya.

Tsono mverani zimene ndinachita kuti ndibwerere pachishalo, poti kulira kokha sikuchiza.

Mafuta aja ndinawasiya monga anandilangizira adokotala. Anandichenjeza kuti masabata oyamba khungu lidzalusa, lidzafiira ndi kuyabwa kuposa kale, ndipo mtima udzafuna kubwerera kukachubu. Zinalusadi. Ndimaluma mano, koma ndinali nditalumbira pamaso pa mkazi wanga kuti ngakhale zivute bwanji sindipitanso kwa mayi uja. Adokotala anandipatsa mapiritsi ndi mankhwala opaka olimbana ndi chiperecho, ndipo anati ndimalize masiku onse ngakhale ndione ngati ndachira. Ndinamaliza. Tsiku lobwereranso kukaonetsa sindinalumphe ngakhale limodzi.

Kusamba, madzi aukhondo ndi okwanira. Sopo wochapira zovala uja timasambira ena, kumeneko ayi, ngakhale sopo wonunkhira kwambiri ayi. Kutawasa adokotala anati n'kwabwino, ndipitirize, cholakwika chinali kuvala chinyowere. Pano ndimayenda ndi kansalu kangakanga koyera m'chikwama, ndimapukuta mofatsa mpaka kuuma, madzulo n'kukachapa. Kabudula wa nailoni uja ndinapukutira tcheni. Ndinagula zamkati za thonje, ndipo masana ndikanyowa thukuta ndimasintha. Zikachapidwa zimayanikidwa padzuwa, pachingwe, poyera. Amene akufuna kuziwerenga awerenge.

Ndinafunsanso funso limene ndikudziwa kuti lili pakamwa panu: kodi ndiye kuti kumeneko osadzolako kalikonse? Anandiyankha kuti khungu likakhala lopanda chidzolo, langouma kapena likukhuzika ndi chishalo, ukhoza kupaka pang'ono vaselini wamba wosanunkhira, kunja kokha. Koma aliwonse onunkhiritsa, oyeretsa, ozizira kapena otentha, asayandikire. Ngati pali chidzolo, chilonda, timadzi kapena kuyabwa kosatha, usapake kanthu, pita akakuone kaye, chifukwa mafuta amatha kubisa matenda. Anawonjezera kuti amene amagwiritsa ntchito makondomu asawaphatikize ndi vaselini kapena mafuta odzola, amafooketsa mphira n'kuphulika. Zimenezo ine sindimazidziwa, ndipo ndikuona ena mwa inu mwatukula nsidze.

Patapita milungu isanu ndi iwiri ndinakhala pachishalo osaluma mano. Chishalo chomwe ndinachikutira ndi siponji. Mizere ija m'ntchafu ilipobe, adokotala anati mwina sidzatheratu. Ndimaiona tsiku lililonse posamba, imandikumbutsa kuti safunsa anadya phula.

Koma chimene chinandithyola mtima sichinachitike kuchipatala. Nditachira, tsiku lina masana ndikupopa matayala pabwalo, Abiti Jafali anabwera n'kukhala pambali panga. Anamasula nsonga ya chitenje ngati tsiku lija, n'kutulutsa kachubu. Kofanana ndendende, chithunzi cha mkazi woyera chomwecho, koma kosatsegula.

Ndinati, "Amake Shakira, kameneka katuluka kuti? Kanga kaja tinakasiya kuchipatala."

Anati, "Aka ndi kanga. Ndinakagula Lachinayi, nditapeza kanu kaja Lachiwiri. Ndimati poti bambo a Shakira akufuna woyera, ine wakudane ndiyesere, mwina angandiyang'anenso. Ndimangodikira kuti ankhoswe anene zotani."

Achimwene, pampu inagwa m'manja. Mkazi wanga, wokongola mmene Mulungu anamuumbira, anatsala pang'ono kuwononga nkhope yake ndi poizoni yemweyo amene anandiwononga ine, chifukwa cha mkazi woti kulibe, amene ndinamulenga ndine ndi kukhala chete kwanga. Ndinawagwira dzanja lomwe lija ndinalikankha, ndinapepesa, ulendo uno pa tchimo limene ndinachitadi. Tinapita limodzi kuchimbudzi, anaponyamo okha.

Ndiye ndaima pano lero. Ndikudziwa kuti mwa ife amene timakhala pachishalo tsiku lonse, alipo amene tcheni chawo chimagwagwa pafupi ndi zitsamba. Sindikulozani chala. Lolemba m'mawa njinga yanga ikhala pamtengo pomwepa. Amene ali ndi vutoli asafotokoze kanthu, angokhala pakaliyala n'kunena kuti tiyeni. Ndikamusiya pakhomo pa chipatala, ulere, ndipo pakamwa panga padzakhala potseka. Ndichita zimenezi Lolemba lililonse mpaka mudzatope nane.

Pochoka kunyumba ndinawauza Abiti Jafali kuti lero ndikukaulula zonse kwa anzanga. Ndimati andiletsa. Anangoti, "Kaneneni. Koma mukawauzenso kuti asanakwere njinga yanuyo, ayambe auza akazi awo. Mkazi ukamamukana osamuuza chifukwa, amachifunafuna yekha, ndipo amakachipeza pathupi pake."

Uthenga ndapereka. Iwe wachipewa chofiira, waleka bwanji kuseka? Minibasi iyo yaima, tiyeni tikagwire ntchito.